Njira za Mabasi: Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko

Pali madandaulo ena amene Amalawife tidawazolowera kotero kuti tidaleka kuwaona ngati madandaulo. Timawatenga ngati dzuwa la mwezi wa Okutobala, limene munthu amangolipirira popeza palibe bwalo limene angakalisumireko. Limodzi mwa madandaulo otere ndi la njira zimene mabasi ndi maminibasi amatsata m'mizinda ndi m'maboma mwathu. Pa siteji iliyonse anthu amang'ung'udza. Wina akuti basi siifika kwawo, wina akuti amakwera kawiri pa ulendo woyenera kukwera kamodzi, winanso akuti dzuwa likangolowa kwawo kulibenso chokwera. Koma minibasi ikangotulukira, madandaulo onse aja amathera pa chitseko, aliyense n'kuyamba kulimbirana mpando. Ine ndikuti khalidwe limeneli ndi loipa ndipo likutisaukitsa. Mtsinje umadzikumbira wokha khwawa lake, koma njira ya basi imakonzedwa ndi anthu, ndipo chimene anthu adakonza, anthu angathenso kuchisintha. Oyenera kutsogolera kusinthako ndi makhonsolo athu, ndipo oyenera kuwakakamiza ndife amene timakwera.

Titenge chitsanzo cha mzinda wa Lilongwe, popeza ndiko kumene vutoli likuonekera poyera. Mzindawu udakhala likulu la dziko lino m'chaka cha 1975, boma litasamuka ku Zomba. Amene adaulinganiza sadafune kuunjika zinthu pamodzi. Malonda adawasiya ku Old Town, maofesi a boma adawaika ku Capital Hill, mafakitale ku Kanengo, bwalo la ndege cha ku Lumbadzi, ndipo pakati pa malo amenewa adasiyapo mipata ikuluikulu ya tchire ndi mitengo. Mzinda womwazikana chotere ndi wokoma kwa munthu wa galimoto yakeyake, koma kwa munthu wodalira basi ndi mtolo wolemera. Pa kalembera wa 1966 anthu a ku Lilongwe sadakwane 20,000. Mu 1977 adali pafupifupi 99,000, mu 1998 adafika 440,000, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 989,000. Khamu lonseli silidakhazikike ku Old Town ayi. Lidakamanga ku Chinsapo, ku Mtandire, ku Mgona, ku Kauma, ku Area 23, ku Area 36, ku Area 25 ndi ku Area 49, m'mphepetemphepete mwa mzinda.

Chodabwitsa n'chakuti ngakhale mzinda wakula motero, njira zambiri za maminibasi zikadali monga zidaliri kale. Zimayambira ku Old Town, pafupi ndi msika waukulu ndi depoti, n'kumwazikana ngati masipoko a njinga. Tonse tikudziwa kuti gudumu la njinga lili ndi masipoko komanso mkombero wolumikiza masipokowo. Lilongwe ali ndi masipoko ambiri koma mkombero wake ndi woduka. Munthu wa ku Chinsapo amene amagwira ntchito ku Kanengo kawirikawiri amayenera kuyamba walowa m'tauni, kutsika, kuyenda pansi kukafuna minibasi ina, kudikira kuti idzaze, kenaka n'kuyamba ulendo wachiwiri wa makilomita opitirira 10. M'tauni munthuyu alibe chofuna chilichonse. Sakukagula kanthu, sakukaona munthu, koma amapitamo m'mawa ndi madzulo chifukwa njira idalembedwa motero.

Kuti timvetse mmene tidafikira pamenepa, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Kwa zaka zambiri dziko lino lidali ndi kampani imodzi yaikulu ya mabasi, ya United Transport, imene mabasi ake ankayenda m'mizinda ndi m'midzi momwe, pa njira zodziwika ndi nthawi zolembedwa. Mu 1989 kampani ya Stagecoach ya ku Scotland idatenga ntchitoyi, koma idachoka mu 1997, ndipo mabasi aja adasanduka a Shire Bus Lines. Pofika chaka cha 2008 nayonso Shire Bus Lines idali itatsekedwa. Makampani amenewa adali ndi zolakwa zawo, ndipo akuluakulu amene adakwerapo angasimbe za kuchedwa ndi kuthithikana. Komabe padali chinthu chimodzi chofunika: padali ofesi imene inkakhala pansi n'kuganizira kuti basi idzere kuti, ndipo phindu la njira yodzaza anthu linkathandiza kuyendetsa njira ya anthu ochepa. Mabasi aakuluwo atazilala m'mizinda, malo awo adatengedwa ndi maminibasi a anthu osiyanasiyana, aliyense ndi galimoto yake imodzi kapena ziwiri. Kuyambira pamenepo ntchito yoganizira njira idasowa mwini.

Mtengo wa kusowa mwini kumeneku ukulipidwa ndi anthu osauka. Tiwerengere pamodzi. Munthu wokwera kawiri popita ndi kawiri pobwerera amalipira kanayi pa tsiku m'malo mwa kawiri. Ngati amagwira ntchito masiku 26 pa mwezi, amalipira maulendo 104 m'malo mwa 52. Ngati kusintha minibasi kumamutayitsa ola limodzi lokha pa tsiku, pa mwezi wataya maola 26, amene ndi oposa masiku atatu a ntchito. Ndalama zimenezo zikadagula ufa, sopo ndi makope a ana. Nthawi imeneyo ikadakhala ya kumunda, ya pa geni kapena yocheza ndi banja. Mlonda, wantchito wa m'nyumba ndi wosankha fodya ku Kanengo, amene malipiro awo ndi ochepa kale, ndiwo amene akulipira msonkho wobisikawu, msonkho umene sudakambidwepo m'Nyumba ya Malamulo.

Ndipo si ndalama zokha. Taganizirani mayi wodwala amene watumizidwa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, woti atsike minibasi imodzi n'kudzikoka pakati pa chipwirikiti cha m'tauni kukafuna ina. Taganizirani munthu woyendera ndodo kapena njinga ya olumala, amene kwa iye kukwera ndi kutsika kulikonse ndi nkhondo. Taganizirani mtsikana wa sukulu yoyendera amene amafika m'kalasi phunziro loyamba litatha, ndipo madzulo amatsikira kutali ndi kwawo n'kuyenda mumdima. Kumene minibasi siifika, anthu amathawira ku kabaza wa njinga yamoto, ndipo zipatala zathu zikuluzikulu zakhala zikudandaula za kuchuluka kwa anthu othyoka mafupa pa ngozi za njinga zimenezi. Ngakhale kuthithikana kwa magalimoto pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe m'tauni, kumene aliyense amakutukwana, mbali ina kumabwera chifukwa chokokera m'kati mwa tauni anthu amene akadatha kulambalala.

Chowawitsa mtima n'chakuti misewu ina yolambalalira ilipo kale. Kuli msewu wa tala wolambalala mzinda cha kumadzulo, umene umayambira pa mphambano ya ku Bunda, n'kudutsa msewu wa ku Likuni pafupi ndi Chinsapo, mpaka kukafika pa msewu wa ku Mchinji. Kuchokera pamenepo msewu wa Kaunda umapitirira cha ku Area 49, kufupi ndi bwalo la masewero la Bingu, ndipo munthu angathe kukafika ku Area 25 ndi ku Kanengo osaponda m'tauni. Msewu wolambalalawu udamangidwira makamaka magalimoto akuluakulu a katundu. Nanga n'chifukwa chiyani thumba la feteleza liyenera kulambalala chipwirikiti cha m'tauni pamene munthu wolisenza akukakamizidwa kudzera momwemo? Chimene anthu a madera amenewa ayenera kupempha ndi basi yodalirika, yoyenda pa nthawi yodziwika kuchokera kumayambiriro kwa njirayi kufika kumapeto kwake.

Nkhani yotereyi ikangoyambika, pamabwera mayankho amene tawamva kambirimbiri. Loyamba ndi lakuti maminibasi ndi malonda a anthu, ndiye khonsolo singauze mwini galimoto kumene ayenera kudzera. Yankho limeneli ndi lothawira ntchito. Nawonso msika ndi malonda a anthu, koma khonsolo imanena pamene msika ukhale, imagawa malo ndipo imatolera ndalama tsiku ndi tsiku. Galimoto iliyonse yonyamula anthu imayenera kukhala ndi chiphaso chochokera ku nthambi ya boma yoona za pamsewu, motsatira lamulo la pamsewu la 1997. Khonsolo ndiyo imalinganiza mzinda, imasamala misewu ya m'malokeshoni ndi kuloza malo oimapo magalimoto. Ngati khonsolo, nthambi ya za pamsewu ndi bungwe la eni maminibasi la Minibus Owners Association of Malawi atakhala pa tebulo limodzi, palibe chimene chingalepheretse njira yatsopano kubadwa. Anzathu a ku Kigali, m'dziko la Rwanda, mu 2013 adagawa mzinda wawo m'zigawo zinayi n'kupereka njira za mabasi kwa makampani atatu pa mgwirizano wolembedwa. Mabasi adakhalabe a eni ake, koma njira zidakhala m'manja mwa olamulira mzinda. Chimene chidatheka ku Kigali sichingakhale chozizwitsa ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu kapena ku Zomba.

Yankho lachiwiri ndi lakuti ndalama palibe. N'zoona kuti makhonsolo athu ndi osauka, ndipo palibe amene akuwapempha kuti agule mabasi mawa lino kapena amange misewu ya mabasi okhaokha monga idatsekulidwa ku Dar es Salaam mu 2016. Koma kusintha njira ya minibasi kumafuna zinthu zotsika mtengo: msonkhano ndi eni magalimoto, zikwangwani zingapo, malo oimapo osalazidwa bwino, mwinanso kukwirira maenje pa kachigawo ka msewu. Khonsolo imene imatolera misonkho ya nyumba, ziphaso za malonda ndi ndalama za m'misika singanene moona mtima kuti yalephera kugula chikwangwani. Mapulani nawonso alipo. Mzinda wa Lilongwe udakonzeredwa pulani yaikulu ya chitukuko mu 2010 mothandizidwa ndi dziko la Japan, ndipo dziko lino lili ndi pulani ya za mtengatenga ya zaka za 2017 mpaka 2037. Mapepala sadasowepo m'maofesi mwathu. Chimene chimasowa ndi munthu wogogoda pa chitseko kufunsa kuti zolembedwazo zichitika liti.

Yankho lachitatu limachokera kwa eni maminibasi, ndipo limeneli tiyenera kulimvetsera mwaulemu. Iwo amati njira yatsopano ilibe anthu, ndipo sangawotche mafuta kunyamula mipando. Anthu amenewa si adani athu. Mafuta ndi okwera mtengo, nthawi zina amasowa kumene, zipangizo za galimoto zimachokera kunja, ndipo dalaivala ndi kondakitala amayenera kupereka kwa bwana wawo ndalama zoikika tsiku lililonse. Munthu wotere sangayese njira yachilendo payekha, chifukwa akalephera palibe womubwezera. Koma kunena kuti njira ilibe anthu pamene palibe galimoto idayendapo kuli ngati kunena kuti m'dziwe mulibe nsomba usadaponyemo mbedza. Anthu saima pa siteji imene kulibe. Apa ndi pamene khonsolo iyenera kulowererapo: iwerenge anthu, ilengeze njirayo, ipatse magalimoto angapo mwayi woyendamo okha kwa miyezi itatu yoyesera, ndipo iwachotsereko zina mwa ndalama zimene amalipira pa nthawi yoyeserayo. Ikatha miyezi itatu, manambala adzanena okha.

Tsopano ndibwere kwa ife eni ake, pakuti mlanduwu sungagwere makhonsolo okha. Akuluakulu adati chetechete sautsa nyama. Amalawife tidakhala zaka 30 pansi pa ulamuliro wa chipani chimodzi, pamene kufunsa kunkaoneka ngati kuukira, ndipo ngakhale zinthu zidasintha mu 1994, mantha aja sadatheretu m'mafupa mwathu. Mu 1998 dziko lino lidakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono pamodzi ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu. Makhansala adasankhidwa mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 dziko lidakhala lopanda makhansala mpaka 2014. Zaka zisanu ndi zinayi zimenezo zidatiiwalitsa ntchito ya khansala. Lero ambiri timamuona ngati munthu wogula bokosi pa maliro ndi wopereka mpira kwa anyamata. Tikampeza timampempha ya sopo, ndipo iye amakondwa, chifukwa kupereka ya sopo kwa munthu mmodzi n'kosavuta kusiyana ndi kumenyera njira ya basi ya anthu zikwizikwi. Tikamapempha zazing'ono, tisadabwe kulandira zazing'ono.

Kupempha njira ya basi si kupempha chifundo. Gawo 146 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa maboma aang'ono udindo woimira anthu a m'dera lawo, kusamala umoyo wawo ndi kukonza mapulani a chitukuko. Gawo 30 limanena za ufulu wa chitukuko, ndipo limatchula mwayi wofanana wopeza maphunziro, chithandizo cha chipatala ndi ntchito. Kodi mwayi ungafanane bwanji ngati mwana wina amafika pa sukulu ndi basi imodzi pamene mnzake amafika ndi ziwiri kapena ndi miyendo? Sukulu, chipatala ndi fakitale zimene munthu sangathe kuzifikira zili ngati nkhokwe yodzaza yopanda makwerero.

Komabe kupempha kuli ndi luso lake, ndipo ambiri amalephera chifukwa amapita ku khonsolo ndi mkwiyo wokha. Mawu akuti "tikuvutika ndi mayendedwe" ndi oona, koma sapatsa munthu wa mu ofesi chogwira. Pempho lamphamvu limayamba ndi kuwerenga. Anthu angapo aime pa siteji kwa sabata imodzi, m'mawa ndi madzulo, alembe kuti pakukwera anthu angati, akupita kuti, akusintha kangati, akulipira zingati ndipo akudikira mphindi zingati. Kenaka ajambule mapu osonyeza njira imene ilipo ndi njira imene akufuna, atchule misewu ndi mayina ake, malo oimapo, sukulu, zipatala ndi misika imene njirayo idzathandize. Kalata yake ikhale yaifupi, yaulemu, yopempha chinthu chimodzi chomveka, monga kutalikitsa njira ndi makilomita awiri, kuwonjezera siteji pafupi ndi chipatala, kapena kuyesa njira yolambalala. Pansi pake pakhale mayina ndi masiginecha a anthu enieni, pamodzi ndi a mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, aphunzitsi aakulu ndi a komiti ya msika. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kalata ya munthu mmodzi siichedwa kulowa pansi pa mulu wa mapepala.

Kalatayo ipite kwa khansala wa dera ndi kwa mkulu woyendetsa ntchito za khonsolo, ndipo makope ake apite kwa phungu, ku nthambi ya za pamsewu ndi kwa eni maminibasi. Wokapereka aonetsetse kuti kope lotsala nalo ladindidwa chidindo chosonyeza tsiku. Pakapita mwezi popanda yankho, abwererenso, ndipo akapemphe kuti nkhaniyo ilowe pa mndandanda wa zokambirana za khonsolo. Ngati a mu ofesi akuzengereza kunena zimene adagwirizana, pali lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a boma, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Wailesi za m'madera nazonso zilipo. Chofunika ndi kusatopa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuphwanya magalasi a minibasi kapena kutseka msewu ndi miyala sikudabweretsepo basi kwina kulikonse. Kumangopatsa akuluakulu chifukwa chokambira za chiwawa m'malo mokamba za njira.

Zimene zanenedwa za Lilongwe zikukhudzanso anthu a kumidzi, amene pa kalembera wa 2018 adali 84 mwa anthu 100 aliwonse m'dziko muno. Kumeneko vuto ndi lalikulu koposa, chifukwa kuli madera amene kale ankaona basi tsiku lililonse koma lero amadalira matola a lole ndi kabaza. Njira yopemphera iliponso: komiti ya chitukuko ya m'mudzi imatengera nkhani ku komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, ndipo kuchokera kumeneko imakafika ku khonsolo ndi kwa bwanamkubwa. Makomiti amenewa adazolowera kupempha mijigo, milatho ndi midadada ya sukulu, ndipo amachita bwino. Koma akapempha mlatho aziwonjezera funso lakuti: mlathowu ukatha, adzawoloke ndani? Ngakhale basi yobwera kawiri pa sabata, pa tsiku la msika ndi pa tsiku la sikelo ya ana, ingasinthe moyo wa mudzi wonse, malinga anthu adziwe tsiku ndi ola lake.

Inu ophunzira a m'makalasi a pamwamba, musaganize kuti nkhaniyi ndi ya makolo anu okha. Ambiri a inu ndinu amene mumadzuka tambala woyamba kuthamangira minibasi, ndipo ena mwatsala pang'ono kufika zaka 18 zoponyera voti. Mumaphunzira kujambula mapu, kuwerengera ndi kulemba kalata ya ntchito. Maphunziro amenewa sadapangidwire mayeso okha. Gulu la ophunzira khumi, motsogozedwa ndi mphunzitsi wawo, lingathe kuchita kafukufuku wa pa siteji amene angachititse manyazi ofesi yonse ya mapulani. Mukatero mudzakhala mutaphunzira chinthu chimene buku silingakuphunzitseni mokwanira: kuti boma la demokalase limayenda pamene eni dziko akulikankha.

Khansala amene ali ndi galimoto yake samva kuwawa kwa kukwera kawiri. Mkulu wa mapulani amene amatengedwa pakhomo m'mawa uliwonse sadziwa kutalika kwa mtunda wochokera pa siteji yomaliza kukafika kunyumba mvula ikugwa. Sitinganene kuti anthu amenewa ndi ouma mtima. Nsapato imene ikutiluma sadaivalepo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife ndife tamva m'mimba, choncho tileke kung'ung'udza pa siteji, titenge pepala ndi cholembera, tiwerenge, tijambule, tisaine, ndipo tikagogode ku khonsolo mpaka atitsekulire.